Diso la a Levulo

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Mzime analonjeza bambo ake kuti sadzauza munthu aliyense zoti nyumba yawo ndi yopendekeka.

Zinayamba ndi aphunzitsi a sayansi, amene tsiku lina analowa m'kalasi ndi ulusi atamangirira kamwala kunsonga, n'kunena kuti ulusi wotere sunama, kulikonse kumene ungaupachike umaloza pakati penipeni pa dziko. Ana ena anaiwala asanatuluke n'komwe pageti. Mzime, pokhala mwana wosadziwa kuti zinthu zina n'zongolembera mayeso, anasolola ulusi m'kabokosi ka zosokera ka mayi ake, namangirira kiyi wakale, n'kuyamba kuyesa chilichonse chimene chinaima chilili: mwendo wa tebulo, mtengo woyanikirapo zovala, ngakhale mchimwene wake akanalola. Atafika pakhomo lochokera pabalaza kupita kuzipinda anakwera pampando, nagwiriza ulusi pamwamba pa felemu. Kiyi uja analendewera, nazungulira, nakhazikika. Pansi, pakati pa kiyi ndi felemu, panatsala mpata wolowa zala zinayi za munthu wamkulu.

Bambo ake anamupeza ali pampando pomwepo. Iwowa sanali munthu wamba pa nkhani ya makoma. M'tauni monse ankadziwika kuti a Levulo, chifukwa levulo, kachipangizo ka madzi kamene amisiri anzawo ankaika pa njerwa kuti aone ngati khoma lawongoka, iwo sankakagwira n'komwe. Ankangobwerera m'mbuyo mapazi asanu, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti njerwa yachitatuyo itsike pang'ono. Wokayika akabwera ndi levulo yake ankapeza kathovu kali pakati penipeni, n'kuchoka akupukusa mutu. Ntchito inkawasaka kunyumba chifukwa cha disolo, ndipo ana anaphunzira sukulu chifukwa cha disolo.

Bambowo anatenga ulusiwo, nayesa okha. Anayesa khomo lakukhitchini, nayesa zenera, nayesa ngodya ya kuchipinda kwa mayi. Konseko zala zinayi, kumbali imodzimodzi. Nyumba zonse zimene anamangira anthu zinali m'kati mwa tauni, pakati pa nyumba zinzake zowongoka. Yawoyi anaimanga okha Loweruka ndi Loweruka, kumapeto kwa tauni, pamtsetse wopanda khoma lina lililonse pafupi, kupatula mzere wa mitengo ya bulugamu imene mphepo inaiweramitsira mbali imodzi. Diso linatengera mitengoyo. Kenako khoma lachiwiri linatengera loyamba, mafelemu anatengera makoma, mashelefu ndi makabati anatengera mafelemu, mpaka bodza lonse linagwirizana bwinobwino moti panalibe chotsutsa chinzake. Chitseko chakubafa chinkatsekeka chokha, ndipo bambo ankauza alendo kuti anachikonza dala choncho. Madzi okolopera ankathawira ngodya imodzi, mayi n'kumakalipira ana kuti sadziwa kufinya mopu.

Bambo anakulunga ulusiwo kuchala pang'onopang'ono, naika m'thumba. Sanakalipe. Anagwada kuti maso awo alingane ndi a mwanayo, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena motsitsa mawu: “Mayi ako asamve, mchimwene wako asamve, aphunzitsi akowo asamve. Ndili moyo kapena nditafa. Wamva, mama?”

Mzime anati wamva.

Anachoka m'dzikolo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, napita kutali kumene dzuwa limatuluka ngati lakakamizidwa, ndipo anakhalako zaka makumi awiri ndi zinayi. Mayi atamwalira anafika mochedwa ndi masiku atatu, nakhala sabata imodzi, nabwerera. Kumeneko ankagwira ntchito m'chipatala, m'chigawo cha anthu a chizungulire ndi okalamba ogwaigwa. Achibale ankangoti ndi nesi, iye n'kusiya kuwakonza. Ndiye achimwene ake atamuimbira foni kunena kuti bambo agwa kasanu m'miyezi itatu, ndipo iwo atopa kukhala mwana yekhayo wa munthu wobereka awiri, Mzime anapempha tchuthi cha masabata atatu.

Tauniyo anaipeza itanenepa ngati munthu wosiya kuyenda pansi. Pamene panali laibulale imene inamulera panali sitolo ya mafoni. Bwalo limene ankasewerapo mpira wamanja analimangapo malo otsukira magalimoto. Anthu ankamuyankha mwaulemu wa alendo, ndipo mayi wina wogulitsa zipatso anamuyamikira kuti chinenerochi wachiphunzira bwino. Mtsetse wa kwawo unali utadzaza nyumba za mipanda, mitengo ya bulugamu inadulidwa kalekale. Nyumba yawo yokha inali momwe anaisiyira, itaphimbidwa ndi maluwa oyanga amene mayi anabzala, moti kunja sunkaona khoma koma masamba.

Atangoponda pabalaza m'mimba mwake munatembenuka. Ali mwana sankamva kanthu, koma tsopano thupi linali litazolowera zipinda zowongoka, ndipo mapazi ankanena zina, maso zina. Anagwira kumsana kwa mpando ngati munthu wotsika m'boti. Achimwene, amene anakamutenga kubwalo la ndege, anaseka n'kunena kuti ndi kutopa kwa ulendo, iwonso akabwera kuno mutu umawalemera chifukwa bambo satsegula mawindo.

Ndiye bambo anatulukira kukhitchini atanyamula thireyi ya makapu atatu odzaza tiyi, opanda ndodo, osagwira khoma, n'kudutsa pabalaza ponse osatayako ndi dontho lomwe. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, wowonda, tsitsi lonse mbuu, chilonda chosoka chili pamwamba pa diso lakumanzere. Anaika thireyi patebulo, namuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ankayang'anira khoma la mmisiri wina, n'kunena kuti kumene akukhalako zikuoneka kuti chakudya chilipo.

“Mwaona?” anatero achimwene. “Alendo akabwera amachira. Tikatuluka nawo panja ndiye muone sewero.”

Madzulo a tsikulo, bambo akuthirira maluwa, Mzime anafunsa achimwene kuti amuuze kugwa konse kusanu, kumodzikumodzi, malo ake ndi mbali yake. Iwo anati mafunso a chipatala cha kunja ayamba, koma anawerenga pa zala. Koyamba kometetsa tsitsi, atangodzuka pampando. Kachiwiri m'khonde la chipatala cha shuga. Kawiri kunyumba kwawo kwa achimwenewo, pabalaza, alamu akuona. Komaliza m'sitolo ya mankhwala, pamene anamenyetsa chipumi pa shelefu. Mbali yake sanaiganizirepo, koma ataganiza anati ndi kumanzere, chifukwa mabala onse ali kumanzere. Nanga m'nyumba muno? Achimwene anati m'nyumba muno amakhala okha, akagwa angauze ndani, khoma?

Maganizo awo anali atatha kale. Chipinda chapansi kunyumba kwawo anali atachikonza, bedi latsopano, matailosi oyera, bafa lakelake. Bambo ankakana, koma anali atavomera chinthu chimodzi, kuti dokotala amene anawaunika mutu ndi makina akanena Lachinayi la sabata yamawa kuti asamakhale okha, adzanyamuka osatsutsa. Mzime sakanatha kuwada achimwene ake. Ndiwo ankabwera ndi mankhwala mwezi ndi mwezi, ndiwo ankathamanga foni ikalira, ndiwo anatsuka magazi pa malaya. Iye zaka zonsezo ankatumiza zithunzi za chipale chofewa.

M'mawa mwake, achimwene ali kuntchito, Mzime anawaimika bambo pakati pa khitchini. Anawauza kuti aphatikize mapazi, ndipo anaima nji ngati mzati, n'kufunsa ngati zimenezi ndi zimene anthu amakwerera ndege kukaphunzira. Anawauza kuti atsinzine. Mzime sanathe n'komwe kuwerenga mpaka katatu. Thupi lonse linapita ngati chitseko chochotsedwa mahinjesi, ndipo Mzime anawawakha m'khwapa, nadabwa ndi kupepuka kwawo. Anawakhazika pampando, nawavula masilipasi, nawabaya pang'ono ndi foloko kuphazi. Bambo anafunsa ngati wayamba kale. Mzime anabayanso chala chachikulu, chidendene, mpaka m'kakolo, iwo akuyang'ana padenga kudikira.

Zimenezi ankaziona tsiku ndi tsiku kuntchito. Munthu amaima ndi mboni zitatu: mapazi amene amamva nthaka, timadzi ta m'kati mwa khutu, ndi maso. Shuga anali atawalanda bambo mapazi, ukalamba unali utafooketsa khutu. Anatsala ndi maso okha. Ndipo ngakhale mwa anthu abwinobwino, si onse amene amakhulupirira mboni zitatuzi mofanana. Kuchipatala kwake kunali kachipinda ka mdima, m'menemo munali felemu yowala ya ngodya zinayi ndi kandodo kowala pakati pake. Ankapendeketsa felemuyo n'kuuza wodwala kuti aimike kandodoko chilili. Ena ankafunsa thupi lawo, n'kukaimika bwino, felemu ipendekeke bwanji. Ena ankatengeka ndi felemu, n'kupendeketsa kandodo, n'kulumbira kuti kawongoka, ndipo ukawaonera kumbuyo mutu ndi mapewa awo zinkatsatira felemuyo osadziwa. Tsiku loyamba kulowa m'kachipindako, zaka zambiri zapitazo, Mzime anaganiza za mitengo ya bulugamu, natuluka kukamwa madzi.

Tsopano anayang'ana pabalaza ndi maso a ntchito. Mpando wa bambo, umene chimwalirire mayi ankakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, unayang'ana khomo lija la kuzipinda. Malo awo patebulo anayang'ana komweko. Ukakhala pamenepo nyumba yonse inkaweramira kumanja. Kuti munthu aime chilili m'menemo, ankayenera kusemphana pang'ono ndi mafelemu, kutsamira kumanzere kwa mzere wawo, ndipo thupi la bambo linaphunzira zimenezi zaka makumi anayi ndi kanthu. Kale mapazi ankawakonza akatuluka. Lero akalowa m'chipinda chowongoka maso ankawauza kuti asemphane ndi mafelemu monga mwa masiku onse, iwo n'kumvera, ndipo kunalibe wowatsutsa mpaka pansi.

Kodi zinalidi choncho? Anzake a kuntchito mwina akanakwinya pamphumi n'kufunsa ngati munthu wa m'nyumbamo sayang'anako mbali zina, kumene makoma amaoneka oweramira kwina. Mwina anali kungosoka nkhani kuchokera ku ulusi wa paubwana. Koma thireyi ija anaiona ndi maso ake, ndipo mabala onse analidi kumanzere. Chimene ankachidziwa mosakayika ndi chimene chimachitika munthu wa msinkhu umenewo akathyoka fupa la m'chiuno pa matailosi. Anali atawaona ambiri akulowa akuseka, akutukwana masitepe, n'kuwaonanso patapita miyezi inayi atasanduka kamtolo pansi pa bulangete. Kunyumba kwa achimwene onse ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Pakati pa bedi ndi bafa panali mapazi khumi a matailosi oyera, mizere yake yowongoka ngati ya m'kope la masamu.

Anawafotokozera bambo za mboni zitatu zija ndi za kachipinda ka mdima. Anamvetsera mwachidwi, chifukwa inali nkhani ya mizere, ndipo anati anthu otengeka ndi felemuwo asadzayerekeze kugwira njerwa. Kenako Mzime anati: “Bambo, nyumba ino…”

“Yatani nyumba ino?”

Ananena akupukuta magalasi awo ndi kansalu, osamuyang'ana. Mzime anazungulira. Anati pali zina zimene dokotala akazidziwa angawalole kukhala pano, angouza achimwene kuti apeze munthu wowaperekeza akamatuluka, basi. Anati dokotala ndi munthu wosunga chinsinsi. Bambo anafunsa ngati mchimwene wakeyo adzakhale panja pa chitseko, ndipo ngati mkazi wake ali ndi pakamwa potseka. Anati anyamata amene anawaphunzitsa ntchito, lero ndi madoda a imvi ndi makampani awo, amabwerabe kudzawaona, n'kumauza ana awo kuti awa ndi aja ankaona ndi diso chimene makina amachiphonya. Anati mayi ake anagona m'nyumba imeneyi zaka makumi atatu ndi zisanu akukhulupirira kuti anakwatiwa ndi mmisiri.

“Mukapita kwa achimwene mukagwa.”

“Ndikagwa ndigwa ine. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha chibadwire iwe. Sindinakupemphe kuti ubwere mayi ako akudwala, sindinakupemphe kuti ukhale. Chimodzi.”

Anavala magalasi, nadzuka, nakatsuka makapu.

Panali njira ina, ndipo Mzime ankaidziwa bwino kuposa aliyense. Thupi limaphunziranso. Munthu wotere ukamuyendetsa tsiku ndi tsiku m'zipinda zowongoka, utamugwira lamba kumbuyo, ukamuphunzitsa kukhudza khoma ndi chala ndi kumvera ndodo, patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi amayamba kuzolowera. Zimangofuna munthu wodziwa, wokhala naye m'mawa ndi masana. Munthu wodziwayo analipo, anali atakhala patebulo la kukhitchini, tikiti yobwerera ili m'chikwama. Anatsegula foni kuti alembere abwana ake, nalemba moni, nayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anaganiza za kanyumba kake ka zipinda ziwiri, mashelefu ake a mabuku, ntchito imene anaikwera zaka makumi awiri, ndi mayi wa zipatso uja womuyamikira chinenero chake chomwe. Anafufuta moniwo.

Lamlungu anakadya kwa achimwene. Alamu anawalandira pakhomo ndi chimwemwe chenicheni, akuti apongozi abwere aone chipinda chawo, makatani anasankha okha. Nyumbayo inali yokongola, ndipo bambo sanathe kudziletsa, anatsinzina diso limodzi n'kuvomereza kuti amene anamanga ankadziwa ntchito. Mzime anayenda kumbuyo kwawo, dzanja lili pafupi ndi lamba. Anaona zonse mmene zimayambira. Bambo anaima pakhomo la chipinda chatsopanocho, maso ali pa zenera lalikulu. Mutu unayamba, pang'ono chabe, ngati munthu womvetsera nyimbo yakutali. Phewa lakumanzere linatsatira. Chiuno chinatsatira phewa. Nkhope yawo inali phee, yokhutira, ya munthu amene akudziwa kuti waima bwino. Mzime anawagwira lamba phazi lakumanja litanyamuka kale.

Bambo anakalipa kuti akuwakokeranji. Alamu anathamangira mpando, akunena kuti mwaona achemwali, izi ndi zimene timakuuzani pafoni inu n'kumati tikukokomeza. Pa chakudya achimwene anadula nyama ya bambo tizidutswa ting'onoting'ono, bambo n'kuwasiya. Pobwerera m'galimoto Mzime anayesa kunena kuti matailosi aja ndi oterera. Achimwene anati aikapo kapeti. Mzime anati kusintha malo kumasokoneza okalamba. Achimwene anati kugona pansi masiku awiri popanda wokutola kumasokoneza kwambiri. Kenako anayang'ana pagalasi kuona ngati bambo akugona kumbuyoko, n'kunena motsitsa mawu kuti ngati ali ndi chifukwa chenicheni achinene, iwo si munthu wouma mutu, koma asabwere ndi chisoni cha masabata atatu kudzasokoneza anthu amene atsale ndi mtolowu.

Bambo sankagona. Maso awo anakumana ndi a Mzime pagalasipo.

Masiku atatu otsatirawo anawaonera m'nyumba mwawo ngati munthu woonera chinthu chimene chatsala pang'ono kugulitsidwa. Ankakwera pa kasitulu kutsitsa shuga wa alendo pashelefu yapamwamba. Ankasesa, kuwerama kutola zinyalala, kudzuka osagwira kanthu. Ankadziwa pamene chitseko chakubafa chifikire, n'kuchitchinga ndi chigongono osayang'ana. Lachitatu anatulutsa sutikesi yakale pansi pa bedi, naipukuta fumbi, naisiya yotsegula pakona. Sanaikemo kanthu. Mzime akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali. Anapeza kuti nayenso wayamba kuzolowera, m'mimba mwasiya kutembenuka, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa chizungulire chija.

Lachinayi anafika kuchipatala m'mawa, nadikira maola awiri pabenchi, bambo pakati, ana uku ndi uku. Kuchokera pagalimoto mpaka pabenchipo anawagwira mikono onse awiri ngati mkaidi. Dokotala anali mayi wachitsikana, wocheperapo kwa Mzime, maso ofiira ndi ntchito, wolankhula mofulumira koma mwaulemu. Anatembenuza kompyuta kuti onse aone zithunzi za mutu, nanena kuti nkhani yabwino ndi yakuti mulibe chotupa, mulibe magazi, ubongo ndi wa munthu wa zaka zawo. Bambo anati akanatha kumuuza zimenezo popanda makina. Dokotala anaseka, nati nkhani ina ndi yakuti munthu wogwa kasanu m'miyezi itatu, mapazi osamva, sayenera kukhala yekha, ndipo popeza mwana wawo wakonza malo, iye sakuona chodikira. Anasolola pepala.

Mzime ananena ntchito yake, dzina lake lonse la ntchitoyo, koyamba pamaso pa abale ake. Dokotala anaika cholembera pansi, namvetsera. Mzime anamuuza za kutsinzina kukhitchini, za foloko, za kugwera kumanzere nthawi zonse. Anati bambo amadalira maso kuposa anthu ambiri, ndipo kunyumba kwawo sagwa.

Dokotala anati onse amatero. Kunyumba amadziwa pogwira, ndipo akagwa sanena. Mzime anati wakhala nawo masiku khumi, sagwira kanthu, amakwera pa situlu. Achimwene anati masiku khumi pa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndiye wabwera kudzatiphunzitsa bambo athu, ndipo nkhani ya situluyo ndi chifukwa chinanso chowachotsera. Dokotala anakweza dzanja kuti abale asayambane mu ofesi mwake. Anati iye akumva, ndipo akudziwa kuti malo ozolowera amathandiza, koma kuzolowera kokha sikungafotokoze kuti munthu akwere situlu kwawo n'kulephera kuima pabalaza la mwana wake. Chipinda ndi chipinda, khoma ndi khoma. Pokhapokha ngati pali china chosiyana ndi nyumbayo chimene iye sakuchidziwa.

Bambo anali atakhala pampando wopanda mikono, chipewa chili pamaondo. Sankayang'ana aliyense. Maso awo anali pa felemu ya zenera kumbuyo kwa dokotala, ndipo Mzime anaona mutu ukuyamba, pang'onopang'ono, phewa likutsatira. Anasendeza mpando wake mpaka phewa lake linakhudza lawo. Anamva kulemera kwawo kukubwera pa iye, kochepa, kofunda, ndipo iwo sanadziwe kuti atsamira.

“Chilipo?” anafunsa dokotala, cholembera chili kale m'manja.

“Palibe,” anatero bambo. “Nyumba ndinamanga ndekha. Lembani, mwanangu, anthu akudikira panja.”

Dokotala analemba tsiku pamwamba pa pepala. Analemba dzina. Panja wina ankakankha bedi la matayala olira, ndipo achimwene anatulutsa foni kuti auze alamu kuti ayale bedi. Mzime anayang'ana manja a bambo ake pa chipewa, zala zokhuthala, zong'ambika ndi simenti ya zaka makumi asanu.

“Dikirani kaye, adokotala.”

Cholembera chinaima. Bambo anatembenuka, namuyang'ana, nati motsitsa mawu: “Mama.”

Mzime anauza dokotala, achimwene ake akumva, bambo ake atatsamira paphewa lake, kuti nyumbayo ndi yopendekeka, makoma onse ndi mafelemu onse, zala zinayi kuchokera pamwamba pa khomo kufika pansi, ndipo yakhala choncho kuyambira tsiku limene inamangidwa.